A Chimgolo ndi Pichi Imene Anaiponda Okha

A Donasiyano, amene tonse kuno tinkawatchula kuti a Chimgolo, anatisiya mvula yoyamba itangogwa. Uthenga unandipeza kudimba, ndipo chinthu choyamba chimene ndinachita ndi kutseka ngalande. Zaka zambiri mwa zimene tinakhala moyandikana, ine ndi madala amenewa tinkangokhalira kukangana za madzi a m'ngalande imeneyi. Tsiku limenelo ndinaona kuti si bwino madziwo aziyenda mwini mkangano atagona.

Ena akamawakumbukira amati anali munthu wamakani. N'zoona. Ena amati mutu wawo sunkayenda bwino, poti munthu wanzeru sangathere moyo wake akusamala kamzere ka dothi kosabala ngakhale mbatata imodzi. Amenewo alankhule, pakamwa mpawo. Ine ndikunena zimene ndinaona ndi maso angawa. M'mapiri muno sindinaonemo munthu wodziwa kukonda ngati iwo, kungoti chikondi chawocho chinali chowawa ngati tsabola.

Kamzere ka dothiko ndi kamene iwo ankati pichi. Kwa amene sanaonepo kiriketi, ndi masewero oti wina amathamanga n'kuponya kampira kolimba ngati mwala, kakadunda pansi wina n'kukamenya ndi thabwa, kuteteza timitengo titatu tozikidwa kumbuyo kwake. Podunda kampirapo ndiye pa pichi. Pakakhala kadzenje kapena kabampu, kampirako kamanjanja mosadziwika bwino ndipo kangathe kukugulula mano. A Donasiyano anakonza pichi yawo kumunsi kwa dimba langa, pamalo a tchalitchi, ndi dothi la pachulu lomwe ankasenza okha. Ankaliphwanya, kulisefa, kulinyowetsa, kenako n'kulitsendera ndi mgolo umene anaudzaza simenti n'kuubowola pakati kuti uzigudubuzika. M'mawa uliwonse, kaya kukhale chisanu chothyola zala cha mu Juni chija, unkamva mgolowo ukulira, kupita uku, kubwerera uku. Dzina lija linachokera pamenepo.

Masewerowa anawatenga ku Limbe. Anathawa khasu ali mnyamata n'kukapeza ntchito yosamala bwalo pa kalabu ina ya anthu olemera. Pobwerako imvi zinali zitayamba, ndipo chuma chimene anabwera nacho chinali chikwama cha timipira tothetheka, mathabwa awiri ong'aluka, ndi dzanja lamanja limene silinkakwera kupitirira phewa. Pochita chizindikiro cha mtanda ankaweramitsa mutu kuti chipumi chikakumane ndi zala. Ukawafunsa chinachitika n'chiyani, ankangoti ndi nyamakazi, n'kusintha nkhani.

Mikangano yawo sungaiwerenge. Anakangana ndi eni mbuzi mudzi wonse, chifukwa kwa iwo chiboda cha mbuzi pa pichi chinali mlandu woposa kuba chimanga. Anakangana ndi akuluakulu a gule atakakumba chulu choyandikira kumanda, mpaka analipa nkhuku, koma pobwerera kunkhaniko ankayamikabe kuti dothi lake linali labwino kuposa onse. Anakangana ndi akatekisiti, amene ankati ana akuthawa kalasi ya ubatizo chifukwa cha kampira. Ine ndiye ndinali ndiwo zawo za tsiku ndi tsiku. Ngalande yathu timagawana masiku, ndipo tsiku langa likafika ndinkapeza madzi akuchepa. Ndikatsata ndinkapeza kangalande kakang'ono kopatukira ku pichi, madala ali chilili pambali, manja kumbuyo, akuyang'ana mitambo ngati sakudziwapo kanthu. Ndikakalipa ankandiuza kuti mbatata zanga zinali zonenepa kale, zikufuna kusala kudya.

Koma mkangano umene unkadabwitsa anthu unali wa iwo ndi ana omwe ankawaphunzitsa. Mwana akamaponya bwino, timitengo tikugwa, anzake akukuwa, m'pamene madala ankayenda pang'onopang'ono, n'kumulanda kampira, n'kukaika m'thumba la jekete. Ankati mpira wapita kokagona. Mwana alire, agubuduke, kampirako sikankatuluka mpaka mawa kapena mkuja. Iwo ankayang'ana phewa la mwanayo, osati timitengo. Likangoyamba kugwera mbali imodzi, basi zatha. Ankakonda kunena kuti munda woulima chaka ndi chaka osaugoneka umakuthokoza ndi kaufiti. Ankanenanso kuti wobwereka ng'ombe ya ngolo saona chilonda cha pakhosi, amaona matumba amene atsala kumunda. Pichi nayonso ankaigoneka. Ankaifunditsa udzu kwa milungu, ndipo ngakhale abambo mfumu sakanaloledwa kupondapo.

Mwa ana onsewo, amene anawatenga mtima anali Felesiya, mwana wa mlongo wawo, a Velonika. Anamuona koyamba akugenda anyani m'munda wa chimanga, kamtsikana kataliko, miyendo ngati ya kakowa, mwala wake ukufika pamene wa anyamata sunkafika. Anamuphunzitsa kuthamanga, kudumpha, ndi kupinda msana poponya. Pofika pa utsikana weniweni, amuna a ndevu zawo ankapeza zifukwa zopitira kuthengo ikafika nthawi yoti aime kutsogolo kwake. Ndiyenso amene analandidwa kampira kuposa wina aliyense, ndipo ankanyanyala kuposa wina aliyense.

Kenako kampani ina ya zakumwa inayambitsa ligi yake, yolipira osewera pamwezi, ndipo Felesiya anatengedwa kupita ku Lilongwe. Tinanyadira, ndisaname. Chithunzi chake chinamatidwa pa magolosale a pa Linthipe, akumwetulira, dzanja lina kampira, lina botolo. Nyumba ya a Velonika inafoleredwa malata. Anthu amene ankati a Chimgolo ndi openga anayamba kuwapatsa moni wa manja awiri.

Ligiyo inakula ngati dzungu la padzala. Masewero amene anali a Loweruka lokha anafika pokhala a pakati pa sabata pomwe. Chikho china chisanathe, china chayamba. Akomiti oyendetsa ligi anagula chilole cha zimkuzamawu, n'kumayenda nacho malo amalonda onse a mumsewu waukulu. M'mawa atsikana ankasewera masewero enieni. Masana kunkakhala mpikisano woti aliyense wogula botolo aime ndi thabwa kutsogolo kwa Felesiya, ndipo akakhudza kampira apate sikipa. Mzere wa amuna ofuna kuyesa mwayi unkachita kukhota. Mwanayo ankaponya mpaka dzuwa kupendeka, n'kukwera lole, mawa lake kwina. Ife tinkamva pawailesi n'kumawomba m'manja. A Donasiyano okha ndi amene ankazimitsa wailesi n'kunena za pusi uja anagwa chagada chifukwa cha ichi chakoma, ichi chakoma.

Komabe uthenga utabwera woti masewero otsiriza a chikho adzachitikira pa pichi yawo, madala anasanduka mwana. Chinali chinthu chimene anachilota moyo wawo wonse: matimu enieni, ovala zoyera, oimbira enieni, pa dothi limene anasenza okha. Anakumba chulu chatsopano. Anabera akazi awo sefa ya ufa. Anandibera madzi mopanda manyazi kuposa kale, mbatata zanga mpaka kufota. Mgolo unkalira m'mawa ndi madzulo. Pomaliza pichiyo inkawala ngati pakhonde pozira kumene, ndipo iwo anapita pa Boma kukagula jekete ya pakaunjika, ya mabatani a golide.

Masewero anali a Lamulungu masana, m'nyengo ya fumbi, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Felesiya anafika Loweruka kudzagona kwa mayi ake, anzake atatsala pa Boma. Chimene chinachitika pofika chinayenda mudzi wonse dzuwa lisanalowe. Mwanayo anapereka moni kwa atsibweni ake ali chilili. Sanagwade, sananyonyomale, anangotambasula dzanja ngati nduna ya boma. Amayi a m'mudzi anagwira pakamwa. Anati tauni yamudya mutu, anati zithunzi zija zamukweza, anati a Velonika alera mlendo. Ine ndemwe ndinanena nawo.

M'mawa mwake ku Misa zinaposa. Belu litalira, tchalitchi chonse chinagwada, koma Felesiya anatsala pabenchi, atangoweramitsa mutu. Mayi ake anamutsina pantchafu, iye osasuntha. Anthu ankaponyerana maso. Ine ndinali mbali ya amuna, pafupi ndi a Donasiyano, ndipo ndinaona kuti iwo sankayang'ana nkhope ya mwanayo. Ankayang'ana dzanja lake limene analikunga chibakera n'kulitsamiza kumunsi kwa msana.

Titatuluka anamuitanira pansi pa mkungudza wa pakhomo pa tchalitchi. Anavula chipewa n'kuchigwetsa dala pamapazi pake.

"Tanditolera, iwe Felesiya."

Mwanayo anachiyang'ana chipewacho nthawi yaitali. Anayesa kupinda mawondo chammbali, dzanja likufunafuna pogwira. Anafika pakati n'kuima, mlomo atauluma, misozi ili mbwee.

"Zinayamba liti?" anafunsa madala.

"Kalekale, atsibweni. Koma si kanthu. Amandibaya jakisoni tisanayambe, ululu umachoka."

"Nanga jakisoniyo akatha mphamvu?"

Ndinatola chipewacho ndine, manyazi atandigwira chifukwa cha zimene ndinanena dzulo lake.

Nthawi imeneyo chilole chinali chitafika kale pabwalo, nyimbo zikugwedeza mapiri. Amayi anali atayala malonda awo, mandasi, tchipisi, mapichesi. A Donasiyano anapita molunjika kwa atcheyamani a komiti, bambo wonenepa bwino, waulemu wake, wosakweza mawu. Sanali chilombo ayi. Anamvetsera mpaka madala kumaliza.

"Madala, ndakumvani," anatero atcheyamaniwo. "Koma taonani. Zithunzi tinamata kale, wailesi yalengeza sabata yonse, abwana akampani ali panjira. Anthu onsewa abwerera Felesiya. Amubaya, aponya bwinobwino, ndipo chikhochi chikatha apuma."

"Chikatha ichi palibe china?"

"Chilipo cha Khirisimasi, koma chimenecho n'chachifupi."

Madala anaseka kaphwete kosakoma. Felesiya, amene anawatsatira, anawagwira jekete.

"Atsibweni, chonde musandichititse manyazi. Ndikakana lero, mawa aika wina. Atsikana ali pamzere kudikira malo angawa. Ndisiyeni, msanawu ndi wanga."

Anamuyang'ana, n'kuyang'ana pichi yawo imene anyamata akampani anali atazikapo kale timitengo tatsopano topaka utoto. Kenako anatembenukira kwa ine.

"A Phiri, lero madzi ndi anu?"

"Ndi anga."

"Ndibwerekeni."

"Pichi yauma bwino chonchi, madzi a chiyani?"

"Chiyambire sindinakupempheni, ndimangoba. Lero ndikupempha. Ndibwerekeni, ndi khasu lomwe."

Ndinadziwa chimene ankafuna kuchita. Sindinganame kuti sindinadziwe. Ndinapita nawo kudimba, ndinawapatsa khasu, ndipo mpaka lero sindinong'oneza bondo.

Anagumula ngalande yonse, osati kangalande kawo kakuba kaja. Madzi anatsetsereka m'kapinga ngati njoka, n'kufika pa pichi. Anthu anayesa ngozi. Ana anathamanga akukuwa kuti a Chimgolo, a Chimgolo, madzi! Iwo anatsika osafulumira. Anavula jekete ya mabatani a golide ija, n'kuipinda bwinobwino pamwamba pa mgolo. Anavula nsapato, n'kukwinya buluku. Anatema pichi ndi khasu kuyambira uku mpaka uko kuti madzi alowe, ndipo dothi litafewa analowamo n'kuyamba kuponda ngati munthu woumba njerwa. Nyimbo zinazima. Khamu lonse lija linangoti zii, kumangomveka phwatha, phwatha, mapazi a nkhalamba m'matope. Nkhope yawo inali gwa.

Atcheyamani ulemu uja unawathera. Anakuwa, anaopseza, anaimba mafoni. Anyamata ena anafuna kuwakoka madalawo, koma ndani angagwire nkhalamba ya khasu m'manja pamaso pa mbumba yake? Anayesa zosamutsira masewero pabwalo la mpira wa miyendo la kusukulu, koma bwalo limenelo n'lotsetsereka, la miyala yokhayokha, ndipo atsikana omenya anakana kukagululidwa mano. Chimene chinatsatira sindidzachiiwala. Akuluakulu ali mkati mokangana, osewera a matimu onse awiri anapita pansi pa mitengo, anavula nsapato, n'kugona pakapinga. Sikuti ankanyanyala. Anagona tulo teniteni, pakati pa phokoso lonselo, ena kukamwa kuli yasa. Amayi ena amene ankatukwana ataona zimenezo anayamba kutsitsa mawu.

Felesiya yekha ndiye sanagone. Anaima m'mphepete mwa matope atapsa mtima.

"Mwandiphera ntchito! Mukuganiza kuti andisunga, mwana wa mlongo wanu, mutachita zimenezi?"

"Sakusunga," anatero madala. "Ndikufuna zomwezo."

"Si inu atsibweni anga!"

Iwo anaponya khasu pansi. Anakweza dzanja lawo lamanja pang'onopang'ono mpaka pamene linkathera, pa phewa, n'kulisiya pomwepo. Anamuuza, anthu onse akumva, zimene anatibisira zaka zonse. Si nyamakazi. Ku Limbe kuja mabwana akaweruka kuntchito ankafuna woti aziwaponyera kuti aphunzire kumenya, ndipo mnyamata wa pabwalo, amene anali iwowo, ankaponya koposa onse. Uyu akatopa, wina watenga thabwa. Ankamuyamika, ankamugulira zakumwa, ankamuitana ngakhale tsiku lake lopuma. Tsiku limene phewa linakana, anangoitana mnyamata wina, iye n'kumubwezera ku mgolo.

"Ine panalibe wondilanda mpira," anatero. "Iwe uli naye. Undide, koma undide ukuyenda."

Mwanayo anatembenuka n'kumapita, akuyenda mowuma ngati wasenza mtsuko wodzaza.

Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nkhonya zinabweradi. Apolisi anawatenga kupita nawo pa Boma, koma anasowa mlandu wake, poti pichi anaikonza okha ndipo madzi ndinapereka ndine. Kumudzi ndiye kunali milandu yeniyeni. Amayi amene mandasi awo anatsala sanawapatse moni mpaka kukolola. Akampani anatenga maukonde ndi timipira zimene analonjeza kusiyira ana. Abambo mfumu anawalalikira osawatchula dzina. Felesiya anachotsedwa sabata yomweyo, ndipo pa zithunzi za pa Linthipe panamatidwa nkhope ina. Kuchipatala atamujambula anapeza kuti fupa la kumunsi kwa msana linali litang'aluka. Anagona pamphasa kwa mayi ake miyezi yambiri, ndipo wochokera ku ligi sitinamuone ndi mmodzi yemwe.

Atsibweni ake sankafuna kuwaona. Iwo ankabwera m'mawa, n'kusiya mapichesi pakhonde, n'kubwerera osaodira. Mvula ziwiri zinadutsa chonchi. Atachira anabwerera ku Lilongwe, n'kulowa kakalabu kakang'ono kosewera Loweruka lokha, ndipo pakati pa sabata amaphunzitsa ana asukulu. Pachithunzi sanaonekenso. Alipo mpaka pano amene amati madala anadula mwana njira, akanafika kunja, akanakwera ndege. Mwina. Ine ndimawayankha kuti ndege imakweza ndi opuwala omwe, koma siwabwezera msana. Awiriwo anayambanso kulankhulana pa nkhani ya ukwati wake, poti popanda mtsibweni ukwati suyenda. Za tsiku lija sanazitchulenso. Iye sananene kuti munalondola, iwonso sanapepese.

Pichi sanaikonzenso. Dothi la pachulu likauma limalimba ngati njerwa yootcha, ndipo linauma ndi mapazi awo momwemo. Ana anawasamutsira pa kamalo kena kumbali, kosasalala kwenikweni, kumene ankawaphunzitsa atakhala pampando, kampira kakulowabe m'thumba nthawi yake ikakwana. Ndinawafunsapo kuti bwanji osasalaza pakale paja, ndikuthandizani kukoka mgolo. Anandiyankha kuti pichi yagona, ndisaidzutse. Chimene ndinazindikira mochedwa n'choti kuyambira tsiku lija sanandiberenso madzi, ndipo ndinawasowa wakuba wangayo iwo akadali moyo.

Pamaliro Felesiya anafika ndi mwana kumsana, kamnyamata kolemera kofika poyenda. Kumanda, adzukulu atamaliza kuumba mtumbira, anadutsa pakati pa amayi omwe aja ankati tauni yamudya mutu. Anagwada ndi mawondo onse awiri pa dothi lonyowa, mwana ali kumsana, n'kuwerama mpaka chipumi kukhudza mtumbira. Anakhala choncho nthawi yaitali, nyimbo mpaka kutha. Podzuka sanagwire munthu, sanagwire pansi. Ine ndinalira pamenepo, ndipo sindinabise.

Masiku ano ndikamatsika kudimba ndimadutsa pabwalopo. Mgolo uli pomwe anausiya, wachita dzimbiri, kapinga wamera mozungulira, ndipo abuluzi amaotherapo dzuwa. Mbuzi zimadya mwaufulu, palibe wozigenda. M'mawa kumakhala chete moti umamva madzi akuyenda m'ngalande, onse kulunjika ku mbatata zanga, osapatuka. Pakati pa bwalo kamzere kaja kakadalipo, udzu ukukana kumerapo. Mapazi awo ali pomwepo kuyambira uku mpaka uko, zala zonse zikuoneka, akuya kwambiri chakumapeto kumene woponya amadumphira. Mvula ikagwa amadzaza madzi, ndipo nkhuku za a Velonika zimabwera kudzamwa.